Sunga Khosi, Mkanda Uoneka

M'gulu lililonse la acinyamata a mumpingo mumakhala munthu mmodzi kapena awiri amene tonse timatsamira pa iwo. Ndi mnyamata uja amapeka nyimbo yatsopano ya kwaya Pasaka ikayandikira. Ndi mtsikana uja amalemba sewero la Khirisimasi, kapena uja amajambula zithunzi ndi zilembo pa nsalu ya msonkhano waukulu wa caka. Pakafunika ndakatulo ya pa ukwati timangoti, "Muuzeni uje, mawa akhala atalemba." Ndipo mawa lake amabweradi nayo. Tinazolowera kutunga kwa iwo monga momwe titungira pa citsime ca m'mudzi, osafunsa kumene madziwo acokera.

Koma citsime cimaphwa. Munthu yemweyo tsiku lina amakhala pansi ndi pepala ndi colembera, dzuwa mpaka kulowa pepala likali loyera. Mawa cimodzimodzi. Mwezi umatha, mwina caka. Kawirikawiri zotere zimadza pambuyo pa cinthu cowawa: maliro, matenda, kulephera mayeso, kutha kwa cibwenzi cimene cinali kupita ku ukwati, kapena njala ya pakhomo. Nanga ife anzake timati ciani? Ena amati wayamba ulesi. Ena amati wayamba kunyada. Ena amanong'onezana kuti wabwerera m'mbuyo, mwina pali chimo limene akubisa.

Ndalemba nkhaniyi cifukwa ine ndinakhalapo munthu ameneyo, ndipo lero monga mtsogoleri wa acinyamata ndimaona ena akulowa m'cigwa comweco. Cimene ndinaphunzira n'cakuti luso silibwerera cifukwa ca kulikalipira. Limabwerera mwini wake akayamba kucira, ndipo munthu sacira ali yekha.

Miyezi 14 yopanda nyimbo

Ndinayamba kupeka nyimbo ndili mu giredi 9. Masiku amenewo nyimbo zinali kundipeza paliponse: pa njira ya ku cigayo, m'basi, ngakhale pakati pa phunziro la masamu. Ndinali kuyenda ndi kabuku m'thumba, ndipo pomaliza sekondale ndinali nditadzaza timabuku titatu.

Ndili m'caka caciwiri ku koleji, mkulu wanga anamwalira atadwala miyezi 5. Ndiye anali kundilipirira sukulu kucokera pamene atate anapuma pa nchito. Ndiyenso anandigulira gitala yanga yoyamba. Pa nyumba ya maliro ndinaimba pamodzi ndi kwaya usiku utatu, ndipo anthu anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Koma titabwerako kumanda, anthu atabalalika, phulusa la moto wa panja litasesedwa, m'mutu mwanga munangoti zii.

Nyimbo za ena ndinali kuimba ndithu, ngakhale mau anali kutuluka ngati a munthu wina. Kupeka ndiko kunakanika. Ndikanyamula gitala, zala zinali kudziwa pogwira, koma panalibe cobwera. Usiku ndinali kungotembenuka pa mphasa. Nsima inali kuzizira m'mbale. Mpikisano wa makwaya utayandikira, anzanga anabwera katatu kudzafunsa nyimbo. Ulendo wacitatu mmodzi anati, "Kodi ndi koleji imene yakusinthani?" Wina anandikumbutsa fanizo la matalente ndi kapolo uja anakwirira ndalama ya mbuye wake pansi. Ndidziwa kuti anali kufuna kundithandiza. Koma atacoka ndinatsala ndi mitolo iwiri: cisoni ca mkulu wanga, ndi mantha akuti Mulungu wandilanda mphatso.

Amene ananditula mtolo anali ambuya ena a m'cigwirizano ca amai, a zaka zoposa 70, osadziwa kulemba ngakhale dzina lao. Iwo sanandifunse za nyimbo zanga. Anandiimitsa pa khomo la chalichi nati, "Mdzukulu wanga, ine maso atha, ndipo masiku anga ndi owerengeka. Ndili ndi nyimbo zimene tinali kuimba ndili mtsikana, zimene m'buku mulibe. Ubwere Loweruka ndi pepala. Ine ndiziimba, iwe uzilemba, zisapite nane kumanda." Munthu wamkulu sakanidwa. Ndinapita.

Loweruka lililonse tinali kukhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akusenda nshawa m'licero. Asanayambe kuimba anali kundiikira mbale ya mbatata, ndipo pakamwa pao sipanali kutuluka nyimbo kufikira mbaleyo itayera. Akaimba ndime, ine ndilemba mau, kenako ndifunafuna pogwira pa gitala. Nchito imeneyi sinali kufuna nzeru zanga zopeka. Inali kufuna khutu ndi dzanja cabe, ndipo izi ndinali nazo.

Pakati pa nyimbo anali kundisimbira za ana ao atatu amene anawaika m'manda, kuwachula maina mmodzimmodzi, ndi cimene aliyense anali kukonda kudya. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Nanga uja mkulu wako, cinali kumseketsa n'ciani?" Ndinayamba kufotokoza, koma sindinafike patali. Ndinalira kulira kumene sindinalire pa maliro. Iwo sananditonthoze msanga, sanandiuze kuti mwamuna salira. Anapitiriza kusenda nshawa zao kufikira nditaleka ndekha.

Tinalemba nyimbo 23. Mwa izo munali imodzi imene ambuya anaiwala ndime yake yomaliza. Anayesa, anayesa, osaikumbuka. Pomaliza anati, "Ikapo mau ako pamenepo, isakhale yopanda mcira." Ndinaikapo mizere inai. Sinali yokoma kwenikweni, koma inali yoyamba patapita miyezi 14.

Munthu wa ku Chicago

Patapita nthawi, powerenga mbiri ya oimba a m'mipingo, ndinadabwa kupeza kuti njira imene ambuya anandiyendetsa ndi yofanana ndi imene inadzutsa woimba wina wochuka wa ku America.

Thomas Dorsey anabadwa mu 1899 m'cigawo ca Georgia. Atate ake anali mlaliki, amai ake anali kuliza limba m'chalichi. Atakula anasamukira ku Chicago, nakhala katswiri wa piyano pa nyimbo za blues, akuyenda ndi gulu la woimba wochuka Ma Rainey. Mu 1926 anadwala matenda a maganizo amene anamfooketsa pafupifupi zaka ziwiri, moti nchito ya nyimbo inaima. Atacira anaika mtima pa kupeka nyimbo za uthenga wabwino m'kaimbidwe ka blues, cinthu cimene mipingo yambiri poyamba inacikana.

Mu Ogasiti 1932 anapita ku mzinda wa St. Louis kukaimba pa msonkhano wa citsitsimutso, nasiya mkazi wake Nettie ali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Ali komweko analandira telegalamu yakuti mkazi wake wamwalira pobereka. Mwana wamwamuna anabadwa wamoyo, koma pasanathe masiku awiri anatsatira amake. Anawaika m'bokosi limodzi. Dorsey mwini wake anasimba pambuyo pake kuti anadzitsekera kwa anthu, anaona ngati Mulungu wamlakwira, ndipo sanafunenso kupeka nyimbo za m'chalichi.

Mnzake wina woimba, Theodore Frye, anamtenga n'kupita naye ku cipinda cacete ca pa sukulu ina, momwe munali piyano. Kumeneko zala za Dorsey zinayamba kuyenda pa maimbidwe a nyimbo yakale ya m'chalichi, ya m'zaka za m'ma 1800, imene anali kuidziwa kale. Pa maimbidwe akalewo panamera mau atsopano. Ndimo munacokera nyimbo ya Take My Hand, Precious Lord, imene yamasuliridwa m'zinenero zambiri. Mahalia Jackson anaiimba pa maliro a Martin Luther King mu 1968. Dorsey anatsogolera kwaya ya Pilgrim Baptist Church ku Chicago kwa zaka zambiri, namwalira mu 1993.

Taonani zimene zinalipo pa tsiku lija. Panali mnzake amene anamtulutsa m'nyumba. Panali malo opanda womuyang'anira kapena womufulumiza. Panali nyimbo yakale yoti dzanja ligwirepo pamene mtima unalibe cake. Zitatu zomwezi ndinazipeza pansi pa mtengo wa mango.

Koma tisamve molakwika, abale ndi alongo. Sindikunena kuti tsoka ndi feteleza wa luso, kapena kuti munthu ayenera kuferedwa kuti apeke nyimbo yabwino. Nyimbo ija sinabweze Nettie. Ine mutandipatsa mwai wosankha, ndingapereke timabuku tanga tonse kuti ndimvenso mkulu wanga akugogoda pa citseko. Ndiponso ambiri amene aona zowawa sadzapeka nyimbo yomveka dziko lonse. Kucira kwao n'kwa mtengo womwewo.

Azeze pa mitengo

Baibulo silicita manyazi ndi oimba amene akhala cete. Salimo 137 lisimba za anthu a ku Yerusalemu amene anatengedwa ukapolo ku Babulo. Anakhala m'mbali mwa mitsinje akulira, zoimbira zao atazipacika pa mitengo, ndipo owagwira atawapempha nyimbo, iwo sanathe. Werengani salimo limeneli mofatsa ndipo muone zinthu ziwiri. Coyamba, azeze aja sanaswedwe, sanatenthedwe, sanaponyedwe m'madzi. Anapacikidwa, ndipo cinthu copacika cimadikira mwini wake. Caciwiri, salimolo ndi nyimbo. Nkhani ya kulephera kuimba ndiyo inadzakhala nyimbo imene tikuwerenga mpaka lero.

Onaninso Eliya pa 1 Mafumu 19. Munthu amene anaima yekha pa phiri la Karimeli anathawa Yezebeli, nakagona pansi pa mtengo m'cipululu, napempha imfa. Mngelo atafika sanamkumbutse za udindo wake. Anampatsa mkate ndi madzi, namleka agone. Anabweranso kaciwiri ndi cakudya. Kulankhula naye za nchito kunadza pambuyo, atayenda masiku 40 kufika ku Horebu, ndipo pomtuma anamuuzanso za Elisa, munthu woti aziyenda naye. Ndondomeko yake ndi imeneyo: cakudya ndi tulo, kumvetsera madandaulo ake, kenako nchito ndi mnzake. Ife timakonda kuyambira kumapeto.

Makolo athu ananena kuti sunga khosi, mkanda uoneka. Nyimbo, sewero ndi cithunzi ndi mikanda. Khosi ndi munthuyo. Gulu limene lidandaula za mkanda pamene khosi likutupa lidzataya zonse ziwiri.

Pamene cotsekereza cili m'thumba

Pali kukhala cete kwina kumene sikuyambira mumtima koma m'thumba, ndipo citsanzo cake tili naco kuno kwathu. Funsani atate kapena ambuya anu za gulu la WITCH. Dzinalo lisakuopseni, si la ufiti. Ndi zilembo zoyamba za mau asanu a Cingerezi. Gululi linayambira ku Kitwe kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo woimba wake wamkulu anali Emmanuel Chanda, wodziwika ndi dzina lakuti Jagari. Cimbale cao ca Lazy Bones!! ca mu 1975 cinali pakati pa zimbale zochuka za nyimbo zochedwa Zamrock.

Kenako mtengo wa mkuwa unagwa pa msika wa dziko lonse, ndipo anthu analibenso ndalama zogulira zimbale. Kumapeto kwa zaka zomwezo, pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, kunali malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo oimba anasowa koimbira. Pambuyo pake mliri wa Edzi unatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Pa anyamata amene anayambitsa gulu lija, Jagari anatsala yekha. Anagwirapo nchito ya uphunzitsi, kenako anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja.

Mu 2012 kampani ya ku America yochedwa Now-Again Records inatulutsanso nyimbo zakale za gululi. Acinyamata a maiko ena anazimva, ndipo ena a iwo anadzaimba naye pamodzi. Mu 2023, ali ndi zaka zoposa 70, iye ndi anzake anatulutsa cimbale catsopano ca Zango, patapita zaka pafupifupi 40 gululi lisanatulutse cimbale.

Ndachula nkhaniyi cifukwa ca mnzathu amene wasiya kujambula kuti azigulitsa pa msika, kapena wapacika gitala kuti asamalire ang'ono ake amasiye. Ameneyo sanakwirire talente. Kudyetsa banja ndi nchito yolemekezeka. Luso limatha kudikira zaka zambiri kuposa momwe ife tiganizira, malinga mwini wake ali moyo.

Kwa iwe amene wakhala cete

Mnzanga, ngati ndiwe amene pepala lako lakhala loyera, ndikuuze zimene zinandithandiza.

Leka kudziyesa mlandu. Munda umene walimidwa zaka zotsatizana umafuna kugonera, ndipo mlimi wanzeru sautukwana. Idya, gona, yenda padzuwa. Zimenezi zioneka zazing'ono, koma ndi zomwe mngelo anayamba nazo.

Patsa manja ako nchito imene siifuna kupeka. Ngati ndiwe woimba, lemba nyimbo za akuluakulu a mumpingo mwanu zisanaiwalike, kapena phunzitsa ana a Sande sukulu nyimbo imodzi yakale. Ngati ndiwe wojambula, jambula kapu imene ili pa tebulo, mawa jambula nsapato. Ngati ndiwe wolemba, lemba cabe zimene waona lero, mizere itatu, osaonetsa munthu. Mphindi 15 pa tsiku zikwanira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Peza munthu mmodzi amene ungamuuze dzina la cimene cikukuwawa. Asakhale wofulumira kukupatsa mayankho. Kawirikawiri anthu otere ndi aja anadutsamo kale, ndipo ambiri a iwo amakhala pa mabenchi a kutsogolo atavala duku.

Ndipo luso likayamba kubwerera, usadabwe likabwera losintha. Nyimbo zanga za kale zinali zothamanga, za mau ambiri. Za tsopano ndi zazifupi, ndipo zina zimafunsa mafunso amene ndilibe yankho lake. Poyamba ndinaganiza kuti kwaya siizikonda. Koma ndi zomwezo zimene anthu amapempha pa nyumba za maliro.

Pali cinthu cimodzi cimene sindifuna kuti cikupite. Cisoni ca maliro cimatenga nthawi, ndipo si matenda. Koma ngati masabata akupita iwe osadya, osagona, osatha kugwira nchito iliyonse, osaona cokoma pa cinthu ciliconse, pita ku cipatala ukalankhule ndi a zaumoyo kapena mlangizi. Ngati ayamba kukubwerera maganizo odzicotsa moyo, usadikire mawa: uza munthu wamkulu lero lomwe, akuperekeze. Matenda a maganizo ndi matenda monga malungo, ndipo ali ndi cithandizo. Sergei Rachmaninoff, wopeka nyimbo wa ku Russia, anakhala zaka zitatu osatha kupeka pambuyo pakuti nyimbo yake yaikulu yoyamba inanyozedwa mu 1897. Mu 1900 anayamba kuonana ndi dokotala Nikolai Dahl, ndipo nyimbo yochuka ya piyano imene anamaliza mu 1901 anailembapo dzina la dokotalayo pomthokoza. Kupemphera ndi kupita ku cipatala sizilimbana.

Kwa ife a m'gulu

Mutu umodzi susenza denga. Ngati kwaya yonse idalira munthu mmodzi kuti apeke, tsiku limene iye adzagwa denga lidzagwera tonse. Tiyeni tiphunzitsane kupeka, kulemba ndi kujambula, kuti wina akafooka pakhale wogwirizira, ndipo wofookayo apume popanda kumva kuti wagwetsa gulu.

M'gulu lathu tinapangana zinthu ziwiri. Mnzathu akaferedwa kapena akaona vuto lalikulu, sitimupempha nyimbo, sewero kapena cithunzi kufikira iye mwini atanena kuti wakonzeka. Mpikisano ukafika timaimba zakale, ndipo ngati tiluza, taluza. Cikho cidzabweranso caka camawa. Caciwiri, sitileka kupita kwao maliro akatha. Sabata ya maliro pamakhala anthu ambiri, koma mwezi wacitatu ndi pamene nyumba imakhala zii, ndipo ndi pamene woferedwa amafuna phazi la mnzake pakhomo.

Tisamalenso ndi mau athu. Vesi labwino loperekedwa pa nthawi yolakwika limalasa ngati minga. Anzake a Yobu anacita bwino masiku 7 oyamba, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Mavuto anayamba atatsegula pakamwa kuti amfotokozere cifukwa ca tsoka lake.

Pa msonkhano wanu wotsatira, musanayambe kukambirana za yunifomu ndi ndalama za ulendo, tayang'anani pa mabenchi. Ndani amene kale anali kubwera ndi kabuku, koma tsopano amabwera cimanjamanja? Ndani amene wasiya kubwera? Sankhani awiri apite kwao sabata ino. Asatenge pepala la pulogalamu. Atenge kacakudya, akhale naye pansi, amufunse za umoyo wake, ndipo akhale okonzeka kumvetsera. Za nyimbo mudzakamba tsiku lina.

Ambuye akusungeni nonse, oimba ndi okhala cete omwe.